Kusala kudya kwa maola uku mukupanga jimu: mmene mungayambire osafooka

Anthu ambiri akandifunsa za kusala kudya kwa maola funso lawo limakhala lomwelomwelo, akuti kodi munthu angathamange kapena kunyamula zitsulo m'mimba mulibe kanthu osagwa chizungulire? Angathe ndithu, ine ndimatero masiku ambiri, koma osati sabata yoyamba komanso osati mmene ambiri amayambira, kuti lero wamva pa foni za 16:8, kusala maola 16 n'kudya m'maola 8 otsalawo, mawa lake walumpha kadzutsa n'kupita kukathamanga makilomita 5, pofika 11 koloko mutu ukugunda, manja akunjenjemera, madzulo akudya chilichonse chimene chili pafupi, kenako n'kumauza anzake kuti zinthuzi n'zabodza. Thupi sanalipatse mpata woti lizolowere basi.

Chimene tikufuna pano ndi mphamvu, kuti mudzuke muli gwa, mugwire ntchito osayasamula 3 koloko masana, mupange jimu yanu, usiku mugone tulo tabwino. Nde mukayamba n'kuona kuti mukufooka tsiku ndi tsiku, chofunika kusintha ndi maola anu odyera. Muzikumbukira zimenezi pa sitepe iliyonse m'munsimu.

Musanakhudze wotchi, dzifunseni kaye ngati zimenezi n'zanu. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ayi. Ana osakwana zaka 18, ayi, thupi lawo likukula. Munthu woonda kale kwambiri, kapena amene anavutikapo ndi matenda a kadyedwe, monga kudzimana dala chakudya kapena kudya kwambiri kenako n'kudzisanzitsa, chonde zisiyeni, chifukwa kuwerenga maola kumatha kudzutsa vuto lija. Ndipo a matenda a shuga, makamaka amene mumabaya insulini kapena kumwa mapiritsi ngati glibenclamide, musayese musanakambirane ndi adokotala anu, mankhwala amenewa amatsitsa shuga kaya mwadya kaya simunadye, ndiye mukawonjezera kusala ndi jimu pamwamba shuga atha kutsika mpaka kukomoka. Chimodzimodzi amene mumamwa mankhwala a BP, mankhwala ofunika kumwera chakudya, kapena muli ndi zilonda zam'mimba, kafunseni kaye. Apa sindikuseka, ndi moyo wanu.

Tsopano pang'ono chabe za zimene zimachitika m'thupimu, chifukwa mukazimvetsa mantha aja amachepa. Mukadya, thupi limasunga shuga wina mu mtundu wotchedwa glycogen, pafupifupi magalamu 100 m'chiwindi ndi ena pafupifupi 400 m'minofu. Wa m'chiwindi ndi amene amathiridwa m'magazi pang'onopang'ono usiku wonse kuti ubongo usasowe chakudya, ndipo pakadutsa maola 12 kapena kuposerapo amakhala wachepa, thupi n'kuyamba kudalira kwambiri mafuta, chiwindi n'kumapanga tinthu totchedwa ma ketone timene ubongo ndi minofu zimatha kugwiritsa ntchito. Rafael de Cabo ndi Mark Mattson anafotokoza bwino za kusintha kumeneku mu New England Journal of Medicine mu 2019. Koma mfundo imene imandisangalatsa ine ndi ya minofu ija. Glycogen wa m'minofu satuluka kukathandiza ziwalo zina, amadikira mnofu womwewo kuti ugwire ntchito, ndiye mukadzuka m'mawa miyendo yanu imakhala idakali ndi nkhokwe yake ngati munadya bwino dzulo lake. N'chifukwa chake munthu amatha kuyenda mwandawala mphindi 40 asanadye osamva kanthu.

Sabata yoyamba musasale chilichonse chachilendo, ingotsekani khitchini maola 12. Mwamaliza kudya 8 koloko usiku, mudyanso 8 koloko m'mawa. Zikumveka zophweka eti, koma apa ndi pamene mumadziwira zimene mumachita osazindikira, kabisiketi ka 10 koloko usiku mukuonera TV, tiyi wa shuga masupuni atatu musanagone, zotsala za ana zimene mumamaliza poyeretsa mbale. Zonsezo ndi kudya. Ine sabata yanga yoyamba ndinkaika alamu pa foni, ikalira ndinkatsuka mano pompo, ndipo kukoma kwa mankhwala otsukira mano kuja kunkandithetsera chilakolako chotsegulanso kabati. Jimu yanu sabata imeneyi isasinthe, ngati simunkapanga kanthu yambani ndi kuyenda mphindi 20 kapena 30 basi.

Mukaona kuti maola 12 sakukuvutaninso, kankhirani kadzutsa patsogolo ndi theka la ola, mukhale pamenepo masiku atatu kapena anayi, kenako theka lina, mpaka mufike maola 14 osadya ndi 10 odyera. Chifukwa chopitira pang'onopang'ono ndi homoni ya njala yotchedwa ghrelin, imene imakwera pa nthawi imene thupi linazolowera kulandira chakudya. Ngati kwa zaka zambiri mwakhala mukudya 7 koloko, ndiye 7 koloko mimba ilira ndithu, ngakhale thupi lisakusowa kanthu. Koma njala imeneyi imabwera ngati funde, imakwera kwa mphindi zingapo kenako n'kuphwa yokha, ndipo pakapita masiku homoni ija imaphunzira nthawi yatsopano. Mukamva ikubwera imwani kapu ya madzi, imirirani, pezani chochita ndi manja, mukadzayang'ananso wotchi mupeza yadutsa.

Ambiri akafika pa 14:10 amathamangira 16:8 ngati pali mphoto kumeneko. Ine ndimati khalani pa 14 masabata awiri athunthu kaye, muone mmene mukugonera ndi mmene jimu ikuyendera. Zonse zikakhala bwino pitirizani mpaka 16. Zikakhala kuti pa 14 mukumva bwino kwambiri ndipo pa 16 mumakwiya msanga, bwererani pa 14, palibe chimene mwataya. Pali njira inanso ya 5:2 imene Michael Mosley anaitchukitsa mu 2012, yoti masiku 5 mumadya mwanthawi zonse ndipo masiku 2 mumadya makalori (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) 500 kapena 600 okha, koma kwa munthu amene akufuna kupanga jimu mokhazikika ine sindiikonda, masiku awiri aja amasokoneza ndondomeko yonse.

Sitepe yotsatirayi ndi imene ambiri amalakwitsa, nde ndikhalapo pang'ono. Yambani mwasankha nthawi ya jimu, kenako maola odyera muwamange mozungulira nthawi imeneyo. Anthu amachita zosemphana, amakopera maola a munthu wina amene anamuona pa YouTube, 12 koloko masana mpaka 8 usiku, pomwe iwo amanyamula zitsulo 5 koloko m'mawa, zotsatira zake amatha maola 6 kapena 7 atapanikiza minofu osaipatsa kanthu, n'kumadabwa kuti bwanji akungotopa.

Ngati mpata wanu wa jimu uli m'mawa kwambiri ndipo mumapanga zolemetsa, kokerani maola odyera kum'mawa, mwachitsanzo 8 koloko m'mawa mpaka 4 kapena 6 koloko madzulo, kuti mukangomaliza musambe n'kudya. Kudya molawirira kuli ndi ubwino wakenso, kafukufuku wa Courtney Peterson ndi anzake wa mu 2018 anapeza kuti abambo amene anali pafupi kudwala shuga, atamadya m'maola 6 okha n'kumamaliza isanakwane 3 koloko masana, thupi lawo linayamba kumvera bwino insulini ndipo BP inatsika. Vuto lake ndi la pakhomo, kuti anzanu akudya mgonero inu mukungoyang'ana, ndipo kwa ine kudyera pamodzi ndi banja ndi chinthu chachikulu chimene sindingauze munthu kuti asiye. Ngati mumapanga jimu mukaweruka kuntchito, zanu n'zosavuta, tsegulani 11 kapena 12 koloko masana, idyani kachakudya kena maola awiri musanayambe jimu, mukamaliza mudye mgonero, mutseke 7 kapena 8 koloko. Ndipo ngati mumakonda kuyenda kapena kupalasa njinga m'mawa koma simukufuna kudya mpaka masana, zimenezo zimatheka bwinobwino, bola zikhale zopepuka, zolemetsa muzisunge za nthawi imene mwadya.

Mungadziwe bwanji kuti ndi zopepuka? Yesani kulankhula. Ngati mukutha kumaliza chiganizo chonse uku mukuyenda, kungoti simungathe kuimba, muli pabwino ndipo mungapange zimenezo m'mimba mulibe kanthu. Ngati mukungotulutsa mawu awiriawiri n'kupuma, imeneyo ndi jimu yamphamvu, monga kuthamanga liwiro, kukwera mtunda, kulumpha chingwe mosalekeza, ndipo imafuna shuga wambiri mwachangu. Imeneyo m'masabata oyambirira izichitika mkati mwa maola odyera.

Kuchuluka kwake, bungwe la WHO mu malangizo ake a 2020 limati munthu wamkulu azikwanitsa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za masewera apakatikati, kapena 75 mpaka 150 za amphamvu, kuphatikizapo masiku osachepera awiri olimbitsa minofu. Mphindi 150 ndi kuyenda mwandawala theka la ola masiku 5, sizoopsa ayi.

Masiku awiri a minofu aja chonde musawadumphe, ndipo ndikuuzani chifukwa chake. Mu 2020 ofufuza a ku University of California, San Francisco anatsatira anthu 116 kwa masabata 12, ena akudya 16:8 ena akudya katatu patsiku, popanda kuwapatsa ndondomeko ya jimu kapena ya mapuloteni, zakudya zomanga thupi. Kusiyana kwa kutsika thupi kunali kochepa kwambiri, ndipo mwa amene anawayeza bwinobwino zinaoneka kuti gawo lalikulu la zimene a 16:8 anataya silinali mafuta. Pomwe ku Padua ku Italy mu 2016, abambo 34 ozolowera kunyamula zitsulo anawagawa pawiri kwa masabata 8, ndipo a 16:8 aja mafuta anatsika koma minofu ndi mphamvu zinakhalabe. Awa ankanyamula zitsulo katatu pa sabata komanso ankadya mokwanira. Minofu imakhala ikaona kuti ikugwiritsidwa ntchito, mukaisiya thupi limayamba kuichepetsa, ndipo munthu wotaya minofu amaonda koma amakhala wolefuka.

Simukufunika zida zambiri. Masikwati (kunjuta n'kudzuka), mapushapu, kukwera ndi kutsika pa sitepe kapena benchi yolimba, kukoka chinthu cholemera chokhala ndi chogwirira mutawerama msana uli wowongoka, ndi plank, kukhala chafufumimba mutatsamira zigongono ndi zala za kumapazi thupi lili lowongoka. Chilichonse maseti awiri kapena atatu, seti iliyonse ndi maulendo 8 mpaka 12 kenako kupuma pang'ono, muzisiya mukumva kuti mukanatha kuwonjezera awiri okha. Mapushapu akakanika yambirani pakhoma kapena pa tebulo, kenako pa mawondo. Zikayamba kupepuka onjezani kulemera kapena maulendo, ndipo pakati pa masiku a minofu pazikhala tsiku limodzi lopumula. Sabata yanga imayenda motere, Lolemba ndi Lachinayi minofu madzulo nditadya kale, Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachisanu kuyenda kapena kuthamanga pang'ono m'mawa ndisanadye, Loweruka ulendo wautali koma tsiku limenelo ndimadya kadzutsa, Lamulungu kupuma.

Kanthu kena kamene mudzamve kwambiri n'koti kuthamanga usanadye kumasungunula mafuta kuposa kuthamanga utadya. Pa nthawi imene mukuthamangayo n'zoona thupi limatentha mafuta ochulukirapo, koma masana ake limabwezera, ndipo Brad Schoenfeld atayesa zimenezi mu 2014 pa atsikana 20 kwa masabata 4, magulu onse awiri anataya mafuta mofanana. Ndiye sankhani nthawi imene mumamva bwino ndiponso imene mungaisunge miyezi yambiri. Chimodzimodzi nkhani ya autophagy, kudziyeretsa kwa maselo kuja. Ndi chinthu chenicheni, Yoshinori Ohsumi analandira nacho mphoto ya Nobel mu 2016, koma ntchito yakeyo anaichitira pa yisiti, musatalikitse kusala kwanu mpaka maola 20 kapena 24 chifukwa wina walemba kuti pa ola lakutilakuti maselo amayamba kudzitsuka.

Za zakumwa pa nthawi yosala. Madzi, tiyi wopanda shuga ndi mkaka, khofi wakuda, basi. Juwisi, zakumwa zozizilitsa kukhosi zotsekemera ndi mowa zonsezo ndi chakudya. Madzi muzimwa kuposa kale chifukwa gawo lina la madzi timalipeza m'chakudya, ndiye mukalumpha kadzutsa mwalumphanso madzi ake, ndipo mutu umene ambiri amadandaula sabata yoyamba nthawi zambiri umachokera pamenepa kapena pa kuchepetsa khofi mwadzidzidzi. Yang'anani mkodzo, ukakhala wachikasu kwambiri mwachepetsa madzi. Ngati mwatuluka thukuta lambiri kunja kukutentha, kamchere kotsina ndi zala m'botolo la madzi kamathandiza, kupatula ngati adokotala anakuletsani mchere. Khofi musamugwiritse ntchito ngati chophimbira njala tsiku lonse, caffeine amatenga pafupifupi maola 5 kuti theka lake lokha lichoke m'magazi, nde kapu ya 4 koloko madzulo imakhala idakali nanu pogona, ndipo munthu wosagona maola 7 amadzuka ndi njala yoopsa komanso ulesi wa jimu.

Tafika pa kumasula. Ola lija likakwana musathamangire zotsekemera kapena zokazinga, chifukwa shuga amakwera msanga n'kutsikanso msanga, 2 koloko muli kusinza pa desiki. Ine ndimayamba ndi madzi, kenako ndimakhala pansi ndi mbale, osadya choimirira, foni ndimaiika chafufumimba patebulo, ndimayamba ndi mazira awiri kapena atatu ndi masamba, zokhutitsa zimabwera pambuyo, ndipo ndimapuma pang'ono ndisanaganize zowonjezera chifukwa uthenga woti wakhuta umachedwa kufika ku ubongo. Mbale yanu izikhala ndi theka la masamba, gawo limodzi la zomanga thupi monga mazira, nsomba, nyama, nyemba kapena yogati, ndi gawo lina la zopatsa mphamvu, makamaka zosapunthidwa kwambiri, kuphatikizapo chipatso. Zopatsa mphamvuzo musaziope, ndi zimene zimadzazanso glycogen wa jimu ya mawa.

Mapuloteni ndi pamene masamu amafunika. Kwa munthu amene akulimbitsa minofu, pafupifupi magalamu 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku ndi mlingo wabwino, kutanthauza kuti wolemera makilogalamu 70 akufunika cha m'ma 110. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6 okha, nde mukuona nokha kuti chakudya chimodzi sichingakwanitse. M'maola 8 aja yesetsani kudya katatu, kapena kawiri mokwanira ndi kena kakang'ono pakati, ndipo paliponse pazikhala chomanga thupi. Amene muli ndi vuto la impso mlingo wanu akuuzeni adokotala. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri, makamaka kwa achemwali anga, ndi kusala maola 16 kenako n'kudyanso zochepa kwambiri poganiza kuti zotsatira zibwera msanga. Masabata awiri amaoneka abwino, lachitatu tsitsi layamba kuthothoka, tulo tasowa, kuzizidwa nthawi zonse, mwezi wachedwa kapena wasowa kumene. Msambo ukasokonekera mutayamba zimenezi, limenelo ndi thupi likukuuzani kuti chakudya chachepa, onjezani maola odyera ndi chakudya chomwe, ndipo zikapitirira kaonaneni ndi adokotala.

Sikelo musaikhulupirire kwambiri masiku oyamba. Galamu iliyonse ya glycogen imasungidwa limodzi ndi madzi pafupifupi magalamu 3, ndiye kilogalamu kapena awiri amene amagwa sabata yoyamba ambiri ndi madzi, ndipo amabwerera mukadya bwino Loweruka, musakhumudwe nazo. Ku Guangzhou ku China anatsatira anthu 139 kwa chaka chathunthu, onse atawachepetsera makalori, ena akudya pakati pa 8 koloko m'mawa ndi 4 koloko madzulo ena nthawi iliyonse, ndipo zotsatira za mu 2022 zinaonetsa kuti magulu onse anatsika thupi popanda kusiyana kwenikweni. Wotchi imangothandiza kuti musamadye mosaganiza, makamaka usiku, koma zimene zili m'mbale ndi zimene zimalamula. N'chifukwa chake ine ndimauza anthu kuti apeze kabuku, usiku uliwonse alembe zinthu zinayi, maola amene anasala, jimu imene anapanga, mmene anagonera, ndi mphamvu zawo pa mlingo wa 1 mpaka 10. Pakatha masabata atatu kabukuko kamakuuzani zoona, mwina muona kuti masiku onse amene munalemba 4 ndi amene munasala 16 mutagona mochedwa, kapena kuti mapushapu anu akwera kuchoka pa 6 kufika pa 15. Lamba wa m'chiuno nayenso amanena zambiri kuposa sikelo.

Pali zizindikiro zoti musiye pompo osadikira ola. Kunjenjemera, thukuta lozizira, kuona mdima kapena zinthu ziwiriziwiri, kusokonezeka maganizo, mtima kugunda modabwitsa. Khalani pansi, imwani juwisi kapena idyani chotsekemera, kenako chakudya chenicheni. Kupweteka pachifuwa, kubanika kapena kukomoka, thamangirani kuchipatala. Ndipo mukaona kuti tsiku lonse mukungoganiza za chakudya, mukudziimba mlandu mukadya mphindi 10 nthawi isanakwane, kapena mukukana kucheza ndi anzanu poopa kudya, siyani kusalako kotheratu, jimu yokha ndi kudya bwino katatu patsiku zikupatsani mphamvu zimene mukufuna.

Masiku ena mudzadwala chimfine, mudzakhala pa ulendo, kapena kudzakhala chisangalalo cha pabanja chimene chakudya chake chikubwera 9 koloko usiku. Idyani. Mukadwala thupi likufunika chakudya ndi madzi, jimu idikire kaye mpaka kutentha thupi kutatha. Mawa lake musadzilange ndi maola 20 kapena kuthamanga kawiri, ingowerengani maola 12 kuchokera pamene munamalizira kudya, tsiku lotsatira 14, ndipo jimu yoyamba mukabwerera ikhale yoyenda chabe kapena theka la maseti amene munkapanga musanaime.